Chiwembu cha Thalauza la Alamu

Fakitale ya mabotolo itatsekedwa, achimwene a mkazi wa Telala anafika pakhomo ndi sutikesi imodzi ndi kawailesi, n'kunena kuti angopumako masiku ochepa. Telala anawalandira ndi manja awiri, poti mlamu ndi m'bale, ndipo anatulutsa mipukutu ya nsalu m'kachipinda ka kuseri kwa shopu yake n'kuikamo bedi. Mvula inabwera n'kupita, dzuwa linawomba mpaka penti wa chitseko anasuluka, koma Alamu anali adakapumabe.

Kudya kwawo sikunali vuto lalikulu, ngakhale mazira ankasowa m'nyumbamo ngati amera miyendo. Vuto linali pakamwa pomwepo, koma pa ntchito yake inayo. M'mawa uliwonse Alamu ankavala thalauza lawo, lakuda kapena lotuwa, poti anali nawo awiri okha, n'kukhala pampando wa makasitomala pafupi ndi mashini osokera, n'kuyamba kufotokoza mmene dziko limayendera. Kwa iwo kunalibe chinthu chochitika chokha. Dzenje la pamsewu analisiya dala ndi Anthu Aja, kuti ogulitsa matayala adye bwino. Magetsi akazima, Anthu Aja sakufuna kuti anthu aziwerenga. Ulova, kukwera mtengo kwa sopo, ana osamva, ngakhale chimfine, zonse zinali ndi eni ake omwe anakhala pansi n'kupangana. Kuti Anthu Ajawo ndi ndani, Alamu sankatchula. Ankangoloza kudenga ndi chibwano, moti kasitomala wina wachilendo anaganiza kuti akunena banja lomwe linkachita lendi pamwamba pa shopuyo, ndipo anayamba kulankhula monong'ona.

Makasitomala anayamba kuthawa. Mtsikana wina anabwera kudzayezetsa diresi la ukwati, atauzidwa kuti maukwati anayambitsa ndi ophika makeke, anati abweranso mawa, ndipo mawa lakelo silinafike. Telala ankangomva zonsezi mapini ali kukamwa. Mapini amathandiza munthu kusunga ulemu.

Munthu mmodzi yekha ndi amene ankabwera m'shopumo chifukwa cha Alamu. Anali bambo wachikulire wa tsidya la msewu, amene aliyense ankangomutcha Aphunzitsi, chifukwa anaphunzitsa filosofi ku koleji mpaka kupuma. Akazi awo anamwalira, ana anabalalika, ndipo m'nyumba mwawo munalibe wowatsutsa. Poyamba anabwera kudzasoketsa thumba la jekete. Atamva Alamu akulankhula, maso awo anawala ngati mphaka amene waona mbewa yonenepa, ndipo kuyambira pamenepo ankabwera tsiku lililonse, thumba litasokedwa kalekale.

Mfundo ya Aphunzitsi inali yakuti mavuto ambiri alibe mwini. Ankapereka chitsanzo cha kanjira kachidule kodutsa pa kapinga wa pakona ya msewuwo. Palibe anaitanitsa msonkhano wopha kapinga, ankatero, koma aliyense anafulumira payekha, n'kudula kona payekha, ndipo kanjira kanabadwa. Umphawi ndi ulova nazonso zimabadwa chomwecho, kuchokera ku tizochita ting'onoting'ono ta anthu ambiri osadziwana, ena adyera, ena aulesi, ambiri ongotopa.

Alamu ankamvetsera akugwedeza mutu mwachifundo. "Nanga anadzala kapinga pomwe anthu amadutsa ndi ndani, Aphunzitsi?"

Aphunzitsi akafunsa umboni, Alamu ankayankha kuti umboni palibe, ndipo kusowa kwake ndiye umboniwo, chifukwa anthu ochenjera chonchija sangasiye mapazi. Tsiku lina Aphunzitsi anavula magalasi, n'kufunsa modekha chimene chikanachitika kuti Alamu avomere kuti alakwitsa, poti ganizo limene silingagwe ngakhale zitavuta bwanji si ganizo ayi, ndi khoma. Alamu anaganiza kwa kanthawi, n'kunena kuti angavomere pokhapokha Anthu Aja atabwera okha kudzawauza kuti kulibe.

Nkhani yeniyeni inayamba ndi batani. Batani la thalauza lotuwa linathothoka, ndipo Alamu anaponya thalauzalo pa tebulo lodulirapo nsalu osanena ngakhale chonde, akufotokozera Aphunzitsi kuti mabatani a masiku ano amawasokera dala ulusi wowola. Amene anasoka batani limenelo mwezi wapitawo anali Telala yemweyo, ndi ulusi wake wabwino. Mawuwo anamulasa pamtima.

Masana, Alamu atapita kokagona, Telala anasoka batanilo. Kenako, osadziwa bwinobwino chimene akuchita, anatembenuza thalauzalo, n'kulemba mzere wa choko pamsoko wakumbuyo, phazi n'kuponda mashini. Analibweza m'chiuno pang'ono chabe, ngati kunenepa kwa chala. Anadziuza kuti akungofuna kuona.

M'mawa mwake Alamu anatuluka m'kachipinda kawo atakoka mpweya, n'kukhala pampando mosamala ngati munthu wanyamula mazira m'thumba. Sanalankhule zambiri, chifukwa kufotokoza dziko kumafuna mimba yomasuka. Pa chakudya cha masana sanawonjezere. Atatha kudya anayang'ana mimba yawo mwachisoni, n'kulengeza kuti akukawongola miyendo. Shopu inakhala zii. Telala anamva wotchi ya pakhoma ikugunda, wotchi yomwe anali ataiwala kuti ali nayo, ndipo misozi inatsala pang'ono kugwera pa siketi ya kasitomala.

Thalauza lakuda litapita kochapa, nalonso linadutsa pa mashini. Sabata yotsatira Telala anabwezanso onse awiri, pang'ono pokha, poti munthu ukapeza mankhwala ogwira ntchito sulekeza panjira.

Amene anamugwira anali mkazi wake. Ankasita zovala, ndipo mkazi amene wakhala ndi telala zaka zambiri amadziwa msoko watsopano ngakhale ndi maso otsinzina. Analowa m'shopumo thalauza lili pamkono, n'kutseka chitseko, n'kuloza mizere ya ulusi ija. Telala anachotsa mapini kukamwa n'kukonzekera mvula yamatalala. Iye ankadziwa kuti mkazi wake amawakonda achimwene akewo, amene anamulipirira sukulu bambo awo atamwalira. Koma sankadziwa kuti dzulo lake Alamu anali atakhazika pansi mnyamata wofuna kukwatira mwana wawo wamkazi, n'kumufotokozera kuti chikondi anachiyambitsa ndi makampani a mafoni.

Mkaziyo anayang'ana kuchitseko, n'kutsitsa mawu. "Abambo, jekete lawo nalonso mungalithe?"

Zinthu zikanayenda bwino Alamu akanakhala munthu wamba. Koma iwo anaona kuti akudya pang'ono, akuyenda mtunda wautali masana aliwonse, masitepe akukwera osapuma, komabe thalauza likungothinirathinira. M'mawa wina anavula tepi yoyezera pakhosi pa Telala ngati akuchotsa mkanda, n'kudziyeza m'chiuno pamaso pa Aphunzitsi. Chiuno chinali chitachepa. Anayezanso. Kenako anayang'ana thalauza lawo, n'kuyang'ana kudenga, nkhope yawo ikuwala ngati ya munthu amene walandira uthenga wabwino.

Tsiku limenelo anafotokoza mpaka tiyi anazizira. Si anthu amene akunenepa ayi, anatero, ndi nsalu zimene zikufota. Opanga nsalu amaikamo kanthu mu ulusi kuti kazikoka pang'onopang'ono, ndipo anapangana ndi madokotala, amene amauza munthu kuti wanenepa, komanso ogulitsa masamba, amene amadikira pakona. Koma cholinga chenicheni chinali chozama kuposa malonda. Munthu wothinidwa m'chiuno saganiza bwino, sakweza mawu, ndipo saimirira pamsonkhano kufunsa funso, kuopa kung'amba kumbuyo. Mtundu wonse anaumanga ndi lamba.

Aphunzitsi anasangalala kwambiri, chifukwa ili linali ganizo loti angaligwire ndi manja. Anati nsalu imafota ndi madzi otentha, tepi imapindika, ndipo munthu wodziyeza yekha amakoka mimba osadziwa. Anati pakakhala mafotokozedwe awiri, yamba ndi amene akufuna anthu ochepa osunga chinsinsi, poti iwo anagwira ntchito ku koleji zaka zonsezo ndipo anthu atatu sankatha kubisa ngakhale amene waswa kapu. Anamaliza n'kunena kuti padziko lonse lapansi palibe munthu amene angakhale pansi, ndi nzeru zake zonse, n'kumachepetsa thalauza la Alamu.

Telala anadzibaya chala ndi singano, n'kuchiyamwa mwakachetechete.

Nkhaniyo inatuluka m'shopu n'kuyenda mumsewu wonse, ndipo inapeza nthaka yachonde. Woyamba kubwera anali a Butchala, bambo amene ankalowa pakhomo chammbali, ndipo akazi awo ndi dokotala anali atawavutitsa zaka zambiri. Atamva kuti si iwo olakwa koma thalauza, anagwira dzanja la Alamu ndi manja onse awiri osafuna kulisiya. Kenako kunabwera dalaivala wa basi, mlonda wa ku banki, wometa tsitsi, ndi ena amene Telala sanawaonepo. Onse anali ndi mimba zoti zimafika pakhomo eni ake asanafike, ndipo onse anali anthu olakwiridwa. Aliyense ankabwera ndi mathalauza oti Telala awakulitse, kuti alimbane ndi Anthu Aja. Mulu unakwera mpaka kuphimba zenera, ndipo Telala sanakhalepo ndi ntchito yambiri chonchi chiyambire.

Tsiku lina Alamu anaimirira pakati pa gulu lawolo n'kuwaphunzitsa kuti pofufuza chiwembu, funso loyamba ndi lakuti akupindula ndani. Anayang'ana mozungulira, maso awo n'kudutsa pa mulu wa mathalauza, n'kudutsa pa mashini, n'kuima pa Telala. Telala anasiya kuponda mashini.

"Taonani alamu angawa," anatero Alamu mwachisoni. "Msana wapindika, maso afiira, zala zabooka. Ndiwo akuvutika kuposa tonsefe."

A Butchala anamubweretsera chiwindi tsiku lotsatira, kuti abwezeretse magazi.

Aphunzitsi anatulukira zoona zake mwangozi. Anabwera masana Alamu ali koyenda, n'kupeza thalauza lotuwa pa tebulo, ndipo analitola kuti aone mmene nsalu yake inalukidwira, akapeze mfundo ya mawa. Atalitembenuza anaona mizere ya ulusi itandandalikana pamsoko ngati mizere ya m'munda, uliwonse mkati mwa unzake, ndi fumbi la choko lidakalipo. Anavala magalasi, n'kuvula, n'kuvalanso. Kenako anakhala pamwamba pa mulu wa mathalauza a anthu.

"Ndakhala ndikuuza munthu amene akuchitiridwa chiwembu kuti ziwembu kulibe," anatero, osayang'ana aliyense.

Anati ayenera kuwauza Alamu tsiku lomwelo, chifukwa moyo wawo wonse anaphunzitsa kuti choonadi sichipempha malo. Mkazi wa Telala sanawatsutse. Anangowabweretsera tiyi ndi keke, n'kufunsa ngati aganizirapo mmene Alamu adzayankhulire akadziwa kuti ankanena zoona, komanso kuti adzakhala akuwakumbutsa kwa zaka zingati. Aphunzitsi anatafuna kekeyo pang'onopang'ono. Anati choonadi sichiwola, chikhoza kudikira mpaka sabata yamawa. Motero achiwembu anakhala atatu, ndipo kwa masiku angapo anasunga chinsinsi bwino lomwe, zomwe zinawapwetekanso Aphunzitsi, poti zinkagwetsa mfundo yawo ya kapu ija. Pa mtsutso ankangoti mwina, kapena n'zothekadi, mpaka Alamu anawafunsa ngati akudwala.

Zoseketsazo zinatha pamene a Butchala anafunsa funso lanzeru. Anati Anthu Aja ali kutali, sitingawapeze, koma nsalu zawozo zimadzera m'manja mwa ndani? Onse anatembenukira kumtunda kwa msewu, komwe kunali sitolo ya nsalu ya mayi wina wamasiye, amene anthu ankangomuti Mayi Wansalu. Telala anagula kwa mayi ameneyu nsalu yake yoyamba ali mnyamata, ndipo chiyambire mayiyo sanamugulitsepo chinthu chachinyengo. Gulu linagwirizana kuti Loweruka lidzaguba kupita kusitoloko, mathalauza atakwezedwa pa ndodo ngati mbendera. Lisanafike Lowerukalo, wina anali atalemba kale mawu oipa pakhoma la mayiyo ndi makala, ndipo azimayi ena anasiya kumupatsa moni.

Aphunzitsi anabwera kwa Telala nkhope itagwa. Anati ichi ndi chimene chimawaopsa pa maganizo otere, osati kupusa kwake ayi. Anthu Aja alibe khomo, ndipo mkwiyo ukasowa khomo umagogoda pa limene lili pafupi. Telala sanafune filosofi kuti amve zimenezo. Anali atadutsa kale pasitolopo n'kuona mayiyo akutsuka khoma yekha ndi burashi.

Loweruka m'mawa, gulu likusonkhana panja, atatuwo anaitanira Alamu kukhitchini. Telala anaima pafupi ndi sinki, manja kumbuyo ngati mwana wa sukulu, n'kunena zonse, kuyambira pa batani mpaka pa jekete. Alamu anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anamugwira paphewa mwachifundo.

"Akuopsezani ndi chiyani, alamu? Musaope, ndiuzeni."

Telala analumbira kuti palibe wamuopseza. Alamu anati ndi mmene amayankhira onse oopsezedwa. Aphunzitsi anachitira umboni, ndipo Alamu anati izi zikungosonyeza kuti afika mpaka kwa ophunzira. Pamapeto pake Telala anatenga thalauza lotuwa, n'kulitembenuza pa tebulo pakati pa makapu, n'kuwasonyeza mizere ija umodziumodzi, ndi ulusi wake wabuluu womwe Alamu ankauona tsiku lililonse pa mashini. Alamu anayendetsa chala pamsokopo. Kenako anayang'ana mlongo wawo.

"Iwenso?"

"Inenso, achimwene," anatero mkaziyo, akupotokola kansalu kopukutira mbale. "Tinatopa. Tinkafuna muzituluka panja pang'ono, mupume mpweya, ifenso tipume. Kukuuzani tinkaopa, mukanaganiza kuti tikukuthamangitsani."

Alamu anakhala pampando, mosamala monga mwa masiku onse. Atalankhula, mawu awo sanali a m'shopu aja. Anati tsiku limene fakitale inatsekedwa anapita ku ofesi kukafuna munthu amene anaganiza zimenezo, kuti angomuona nkhope. Kalaliki anati ndi manijala. Manijala, amene nayenso ankalongedza katundu wake m'katoni, anati ndi eni ake, ndipo eni akewo anati ndi msika, anthu asiya mabotolo agalasi. Alamu anagwira ntchito pamenepo kuyambira ali ndi tsitsi lonse, ndipo panalibe ngakhale mmodzi woti amutukwane.

"Inu mumati palibe mwini, Aphunzitsi, ngati kuti ndi nkhani yabwino," anatero. "Bola pakhale munthu wondida. Wondidayo ndiye kuti wandiona."

Kwa nthawi yoyamba chiyambire kubwera m'shopumo, Aphunzitsi anasowa chitsanzo. Mkazi wa Telala anapukuta maso ndi kansalu ka mbale kaja. Telala ankalakalaka atakhala ndi mapini kukamwa.

Kenako Alamu anadzutsa mutu pang'onopang'ono, ndipo kuwala kuja kunayamba kubwerera. "Komatu ndiye kuti chiwembu chinalipo."

Aphunzitsi anavomera kuti chinalipo. Alamu anawapempha kuti abwereze, chifukwa ketulo inkasokosa. Aphunzitsi anabwereza, n'kuwonjeza msangamsanga kuti ziwembu zimachitikadi, sanakanepo zimenezo, koma zimakhala zazing'ono, za anthu okhala ndi mayina, ndipo zimasiya ulusi woti munthu n'kuuona, pamene dzenje la pamsewu lilibe telala. Alamu anati mbali yoyamba ija yawakwanira.

Anatuluka kukauza gulu lawo, ndipo apa ndi pamene analawa mankhwala awo omwe. Atafotokoza kuti nsalu sizikufota, kuti linali thalauza lawo lokha ndipo analichepetsa ndi a m'nyumba mwawo momwe, anthu anayang'anana. Wometa tsitsi ananong'oneza dalaivala kuti amugula. Alamu anakweza thalauza lotuwa kuti onse aone msoko, koma mlonda wa ku banki anati msoko wina aliyense angathe kusoka, ndipo kuoneka bwino kwa umboniwo ndiye kukukayikitsa. A Butchala anayandikira, nkhope ili gwaa.

"Ndiye mukufuna kunena kuti ineyo ndine wonenepa?"

Gulu linanyamuka likuimba, popanda mtsogoleri wake, mathalauza akupepeluka pa ndodo.

Chimene sanachiganizire n'chakuti msewu wopita kusitoloko ndi wokwera. Asanafike pakati, nyimbo inali itatha, kwangotsala kupuma kwa wefuwefu. Dalaivala wa basi, amene sanayendepo wapansi mumsewu umenewo, anakhala pa sitepe ya famase yogulitsa mankhwala n'kunena kuti alondera kumbuyo. Ena awiri analowa m'kantini kukafunsa madzi ndipo sanatulukenso. Telala ankathamanga chapambali kuti akachenjeze Mayi Wansalu, koma naye moyo wake wonse unali wa pampando, ndipo mtima unkagunda ngati mashini othothoka lamba. Munthu mmodzi yekha mumsewu wonsewo ndi amene anali ndi miyendo yozolowera. Alamu anawadutsa onse ngati aima, jekete lothina litawakweza mapewa, n'kufika pasitolo gulu lidakali kutali.

Otsala atafika, anapeza Alamu ataima pakhomo la sitolo. Anatambasula manja ndi miyendo kuti atseke khomo lonse, n'kukoka mpweya wambiri kuti alankhule mawu akulu. Thalauza lakuda linali litapirira zambiri, koma izi zinalipitirira. Linang'ambika kumbuyo kuyambira m'chiuno mpaka pansi, ndi phokoso lomwe linamveka mpaka ku famase, ndipo jekete nalo, posafuna kutsalira, linatseguka pamsana.

Mayi Wansalu, amene anali kumbuyo kwawo m'sitolomo ndipo anaona zonse bwinobwino, sanaseke. Anadula nsalu ya makatani yamaluwa, n'kuwakulunga nayo m'chiuno, n'kuwasunthira pambali ngati mpando. Kenako anatuluka ndi tepi yake m'manja. Anauza anthuwo kuti aliyense amene nsalu yake yafota amubwezera yatsopano lero lomwe, koma ayambe wamuyeza mimba pompano, pakhonde, ndipo iye ali ndi vuto la makutu, choncho manambala amawatchula mokweza. Anthu anali atadzaza tsidya la msewu, ena ali m'mazenera, ndipo pakati pawo panali akazi a a Butchala, manja ali m'chiuno.

Palibe anapita patsogolo. Ndodo zinayamba kutsika imodziimodzi. Wometa tsitsi anakumbukira kuti wasiya kasitomala atameta mbali imodzi. A Butchala anatsala okha, n'kuyang'ana tepi, n'kuyang'ana akazi awo, kenako anafunsa mwaulemu ngati m'sitolomo muli nsalu yakuda yotambasuka. Inalimo, ndipo anagula yambiri. Madzulo ake Telala ndi Alamu anapaka penti khoma la mayiyo, osalankhulana, Alamu adakali m'nsalu yamaluwa.

Sabata yomweyo Alamu anasamuka. Aphunzitsi anali ndi chipinda chongokhala, ndipo anati ndi bwino mdani wako wa mtsutso akhale pafupi kusiyana ndi kumuwolokera msewu. Anthu odutsa ankawamva pazenera akukangana za dzenje la pamsewu, mmodzi akuti ndi ulesi wa anthu ambiri, wina akuti ulesi wotere sungachitike popanda wouyang'anira. Mayi Wansalu anawalemba ntchito Alamu yoyeza ndi kudula nsalu, ndipo malonda anayenda, chifukwa anthu ankati ngati munthu wokayikira chilichonse ngati ameneyu wanena kuti nsalu iyi sifota, ndiye kuti sifotadi.

Alamu anamukhululukira msanga mlongo wawo, moti Lamlungu lililonse ankabwera kudzadya, n'kuwonjezera kawiri. Koma sanamulolenso Telala kukhudza chovala chawo. Zosoka zawo zonse ankapita nazo kwa telala wina wa kufupi ndi siteshoni ya basi, mnyamata wa mtima wabwino koma wa diso lokhota, amene anawasokera thalauza latsopano mwendo umodzi wautali, wina wolekezera pamwamba pa sokosi, matumba akuyang'ana kosiyana. Lamlungu lililonse thalauza limenelo linkalowa m'nyumba mwa Telala n'kukhala moyang'anizana naye pa tebulo, ndipo chakudya chinkamukanika kutsika.

Tsiku lina analephera kupirira. Anawapempha, pafupifupi mogwada, kuti angowongolako mpendero wokha, iwo ali pomwepo akuonerera, thalauza lili m'thupi.

Alamu anayang'ana miyendo yawo yosiyanayo mokhutira. "Ayi, alamu, lisiyeni. Mnyamata ujatu sanapangane ndi munthu. Kungoti sadziwa kusoka."

Anatero n'kupempha kuti awapatsire mbale ya mazira.